Eyiti Wothyoka Khosi

Kapitawo sanamupatse mpando. Anangotsegula failo patebulo n'kukankha chithunzi ndi chala chimodzi, monga mmene munthu amakankhira makombo kwa galu.

Make mapasa anachiyang'ana ali chiimire. Inali nyumba yake ndithu: khoma loyang'ana kumsewu, zenera la kuchipinda kwa ana, ndi nambala 18 yofiira imene anthu a kampani yomanga msewu analemba pakhomapo asanayambe kukumba. Mng'alu nawo unali pomwepo, kuyambira pangodya ya zenera, kudutsa pa nambala, kutsetsereka mpaka pansi. M'munsi mwa chithunzicho munali deti la timalemba tachikasu: 3 Marichi.

Kapitawo ankalankhula mosapupuluma, mawu ake oterera ngati sopo. Anati chirola, chimakina chotsendera msewu chija, chinafika kwawoko mu Juni. Chithunzi n'cha mu Marichi. Nanga chirola chikanang'amba bwanji khoma long'ambika kale? Kampani imalipira zimene yawononga, siilipirira amisiri a m'makwalala omanga ndi mchenga wokhawokha.

"Nyumba imeneyo anamanga ndi amuna anga," anatero make mapasa.

"Pepani, mayi. Koma akufa nawonso amalakwitsa."

Amuna akewo anthu ankawatcha a Levulo, chifukwa sankakhazika njerwa ngakhale imodzi osagoneka pamwamba pake levulo, kachipangizo ka kathovu koyezera ngati njerwa yapendekera. Anamangira anthu nyumba moyo wawo wonse, ndipo yawoyawo anaimanga masiku opuma okhaokha, mzere umodziumodzi. Pamene ankamwalira zaka zitatu zapitazo, nyumbayo inalibe ngakhale kamng'alu koti nyerere n'kubisalamo. Kenaka kunabwera chirola. Makapu anavina m'kabati masiku anayi, ndipo tsiku lachinayilo make mapasa ali pa makina akusoka anamva khoma likulira ngati nkhuni youma ikamathyoka. Anagulitsa makina amodzi mwa awiri amene anali nawo, n'kugula simenti ndi mitengo yochirikizira ngodya kuti denga lisagwere ana. Ndalama yonse inathera pangodya pokhapo. Khoma linali likadali chiyasamire, ndipo mvula inali itayamba kununkhira.

Anayala malisiti ake patebulo. Kapitawo sanawakhudze n'komwe. Anasolola pepala lina m'failo muja, n'kuphimba m'munsi mwake ndi chikhatho. Anati uwu ndi umboni wakuti mng'aluwo ngwakalekale, ndipo anasaina ndi munthu wa m'banja mwawo momwemo. Anawonjezera kuti Lachisanu kubwera injiniya wa boma kudzasaina kuti msewu watha. Akangosaina, madandaulo onse atsekedwa, ndipo kontena imene anaimamoyo aikweza palole.

Tsikuli linali Lachiwiri.

"Wasaina ndani?"

"Kafunseni kwanu," anatero kapitawo, n'kutseka failo.

*

Ntchito inali itasunthira kutali, cha kumlatho. Make mapasa anayenda wapansi mpaka kumeneko, ndipo anapeza woyendetsa chirola atakhala pamthunzi wa chimakina chake, akudya buledi wouma ndi tiyi wa m'botolo. Anali bambo wa imvi m'ndevu. Atangomuona anayamba kucheuka uku ndi uku ngati waba nkhuku.

Anati iye sadziwa kanthu. Iye amangoyendetsa. Akati pita amapita, akati ima amaima. Make mapasa anakhala pansi pafupi naye, n'kumuuza kuti adikira mpaka adziwe kanthu, ndipo aliyense wodutsa aone kuti awiriwo akucheza. Buledi anamutsamwa bambo uja.

Zinatuluka pang'onopang'ono ngati minga. Chirola chili ndi batani lochinjenjemeretsa. Lamulo limati pafupi ndi nyumba za anthu batanilo lizimitsidwe, chizingotsendera ndi kulemera kwake kokha. Koma kutero kumachedwetsa ntchito, ndipo kapitawo anali atatsalira m'mbuyo ndi milungu itatu.

"Ndinamuuza, mayi. Ndinati bwana, nyumbazi zayandikira. Anandifunsa ngati msewuwu uli wa agogo anga."

"Mukanene zimenezo kwa injiniya Lachisanu."

"Ine? Ana asanu ndi mmodzi, mayi. Pakamwa panga pakatseguka, pakamwa pawo pauma."

Make mapasa anamuuza kuti ndevu zakezo n'zongokongoletsa, bola akanampatsako mbuzi. Bamboyo sanakwiye. Anatseka botolo lake mosamala, n'kunena akuyang'ana pansi kuti iye za mapepala sazidziwa. Chomwe akudziwa n'chakuti kampaniyi siilemba munthu ntchito pakati pa mwezi. Chaka chino analembedwa choncho mmodzi yekha, mu Julaye, ndipo anamupatsa mbendera. Analoza ndi mlomo kutsidya kwa mlatho.

Kutsidyako munthu wa chovala chonyezimira ankakupizira magalimoto mbendera yofiira. Nkhope sinkaoneka bwino. Koma kaimidwe kake, kolemetsa mwendo wakumanzere, make mapasa akanakazindikira ngakhale pakati pa msika. Amuna ake ankaima chimodzimodzi.

*

Anali mlamu wake, mng'ono wa malemu. Mwana ameneyo anadya m'nyumba imene ija zaka zisanu ndi ziwiri, akugona pabalaza, akuvala malaya osokedwa ndi manja a make mapasa. Kuyambira Julaye anali atasiya kubwera, ati watanganidwa.

Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za mapasa, za mutu, za miyendo. Make mapasa sanabweze moni.

"Unasaina ndiwe?"

Mbendera inazyolika. Poyamba anati anamuuza kuti ndi pepala la ntchito. Kenaka anati Mulungu ndi mboni, sanawerenge. Kenaka anati komanso mwina kamng'alu kanalipo ndithu, kakang'onong'ono, kuseri kwa pulasitala kumene maso saona.

"Pamene achimwene ako ankapaka pulasitala ameneyo, wonyamula ndowa unali iwe. Unakaona kamng'aluko?"

Magalimoto anayamba kuliza mahutala. Mlamuyo anawakupizira kuti adutse, thukuta lili chuchuchu. Anayamba kudandaula kuti amumvetse, zaka ziwiri ali pa ulova, iwo ali ndi makina osokera, nanga iye ali ndi chiyani? Komanso iye sanawononge chilichonse. Tsiku lojambula lija anachita kuwadandaulira anthuwo kuti asaponde maluwa a alamu ake.

"Tsiku liti?"

"Lomwe lija munapita ndi ana kuchipatala."

Mapasa anawagoneka m'chipatala kamodzi kokha chaka chimenecho, ndipo kunali kukuzizira.

"Umenewo unali Julaye. Chithunzi chalembedwa Marichi."

"Deti la m'kamera amangolibweza ngati wotchi," anatero mlamuyo, kenaka anadzigwira pakamwa.

Zitatero anasintha nkhope. Anati alamu akakanena zimenezi kwa aliyense, iye akana. Alumbira ngakhale kukhoti. Mawu a mayi wokwiya ndi pepala la sitampa, injiniya akhulupirira chiti?

Make mapasa anamuyang'ana kuyambira ku nsapato zatsopano mpaka kuchipewa. Anafuna kumulavulira, koma anaona kuti malovu ngake, sangawatayire pamenepo.

Pobwerera ankawerenga ndi zala. Anthu odziwa zoona anali atatu, kapitawo, woyendetsa chirola ndi mlamu wake, ndipo onse atatu anali ndi mimba zofuna kudzaza. Iye ankafunika mboni yopanda mimba.

*

Lachitatu m'mawa anatulutsa makina ake otsalawo panja, poti m'nyumba munkamuopsa. Ankasoka malaya a mizeremizere. Nsalu yotere ilibe chinsinsi: telala akaphonya pang'ono, mizere siikumana pamsoko, ndipo aliyense amaona. Anasomeka mapini, anaphatikiza mizere, kenaka anadzutsa mutu kuti apumitse khosi.

Maso ake anagwera pa nambala ija. Miyezi inayi anakhala akuyang'ana mng'alu, koma nambala anali asanaiyang'anepo.

Wani anali bwinobwino. Eyiti ndiye anali ndi vuto. Mng'alu unamudutsa pakhosi penipeni, pamene kamutu kapamwamba kamakumana ndi mimba yam'munsi, ndipo mutuwo sunakhale pamimba pake. Mimba inali itatsika n'kupatukira kumbali.

Anadzuka n'kukayeza ndi tepi. Inaphonya ndi chala chimodzi ndi theka. Anatenga singano yaitali n'kukanda m'kati mwa mng'alu. Munatuluka fumbi la njerwa lokha. Penti wofiira munalibe ngakhale dontho.

Ngati khoma linali long'ambika kale pamene ankalemba nambalayo, eyiti akanakhala wolunjika, ndipo penti akanalowa mumng'alu. Anatsinzina kuti akumbukire chithunzi cha kapitawo. Ankaona ngati eyiti wa m'chithunzimo analinso wothyoka khosi, koma sakanalumbira. Ndipo panali chinthu chinanso: nanga ngati wolembayo anangolemba mokhota, dzanja litamunjenjemera?

Wopenta amene analemba nambalayo anamufunafuna tsiku lonse, ndipo anamupeza Lachinayi m'mawa pafupi ndi pokwerera mabasi, ali pamakwerero akulemba chikwangwani cha ometa tsitsi. Anali kamunthu kakafupi, ka penti m'nsidze, kolankhula ngati wailesi. Asanafunsidwe n'komwe anali atafotokoza kale kuti kampani imene ija inamuchotsa osamupatsa malipiro omaliza, ndipo kapitawo ndi njoka yovala nsapato.

Make mapasa anamufunsa ngati zimachitika kuti alembe eyiti wokhota. Kamunthuko kanatsika pamakwerero.

"Mayi, mukatukwana amayi anga ndikukhululukirani. Koma eyiti wanga musamuyambe."

Anakhuthula chikwama chake pansi. Munali timalata, kalikonse kobowoledwa nambala yake. Anati iye salemba ndi dzanja ngati mwana wa sukulu. Amakanikiza lata pakhoma, amapaka penti pamwamba, amachotsa. Nambala imatuluka imodzimodzi nyumba iliyonse, mutu pamalo pake, mimba pamalo pake. Ndipo pa mng'alu sangalembepo zivute zitani, chifukwa penti amalowerera ndipo nambala imamera ndevu. Amasankha pakhoma posalala. Za zithunzi anati wojambula ankayenda pambuyo pake penipeni, n'kumajambula penti asanaume. Nambala ndi chithunzi, tsiku limodzi, mphindi imodzi. Penti wake anali wamafuta, woti mvula ya zaka khumi siingamusunthe.

Kubwera Lachisanu anakana, ati akadali ndi chiyembekezo choti amulipira. Koma lata la eyiti anabwereketsa, malinga amuikire zipi pa buluku lake la kutchalitchi.

Make mapasa analikulunga latalo pakati pa nsalu za makasitomala n'kuuyamba wakunyumba, akuyenda ngati mtsikana. Atakhota pakona ya msewu wawo, anaima.

Nyumba zonse zinali mbee. Kuyambira ya pakona mpaka yomalizira, makoma oyang'ana kumsewu anali atapakidwa laimu. Panalibe nambala ngakhale imodzi.

*

Mayi woyandikana naye anamuthamangira ndi nkhani. Anati kunabwera anyamata a kampani ndi zidebe, ati akukongoletsa msewu poti mawa kubwera alendo. Nyumba zina anangodutsitsa bulashi kamodzi, koma pa khoma la make mapasa anachedwapo, anapaka katatu. Wogwira bulashi anali mlamu wake. Make mapasa anamufunsa ngati anamva kupala, ngati chitsulo chikukanda khoma. Mayiyo anati mwina anamva, mwina sanamve, poti wailesi inali yotsegula.

Ndiye kuti mlamu uja anakanena zonse kwa kapitawo, ndipo kapitawo anabwera kudzayang'ana khomalo ndi maso a munthu wodziwa tchimo lake. Anaona zimene make mapasa anaona pa eyiti uja.

Make mapasa anatunga madzi m'ndowa. Mkazi wa mmisiri amadziwa kuti laimu sagwira pa penti wamafuta, amangokhalapo ngati ufa pankhope. Anali atanyowetsa kale chiguduli pamene anaona galimoto ya kapitawo itaima pansi pa mtengo kumapeto kwa msewu, munthu ali m'katimo.

Dzanja linaima m'malere. Akatsuka pano n'kupezeka kuti eyiti akadalipo, mawa kusanache abwera ndi chizulo n'kugumula pulasitala yense.

Anakhuthula madzi aja pansi. Anadzigwetsa pafumbi, n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro, akutchula malemu, akutukwana laimu, akutukwana msewu ndi amene anaubweretsa. Anthu anatuluka kudzamugwira. Analira mpaka galimoto ija inalira injini n'kuchoka mwakachetechete ngati mphaka wokhuta. Pamenepo anadzuka, anasasa fumbi, n'kukamaliza malaya a mizeremizere aja.

Koma kuti pansi pa laimupo eyiti akadalipo kapena anamupala, sankadziwa.

*

Lachisanu magalimoto atatu anatulukira cha m'ma teni, akuyenda pang'onopang'ono pa msewu watsopano. Sankayembekezeka kuima paliponse mpaka kukontena, kumene kunali tebulo la nsalu yoyera ndi mabotolo a zakumwa. Mlamu uja anali atamuimika ndi mbendera yake moyang'anana ndi nyumba ya malemu achimwene ake.

Make mapasa anatuluka ndi ndowa kudzanja lamanja, levulo ya amuna ake kukhwapa, n'kukaima pakati pa msewu.

Kapitawo anatulutsa mutu pazenera la galimoto yoyamba, akukalipira mlamuyo kuti amuchotse. Mlamuyo anayang'ana galimoto, anayang'ana levulo ija. Kaya anali manyazi kaya chizolowezi cha ntchito, anakweza mbendera yofiira. Magalimoto onse anaima.

Injiniya anatsika m'galimoto yachiwiri. Anali mayi wochepa thupi, wa chipewa cholimba choyera ndi nsapato zafumbi, cholembera chili m'manja. Kapitawo anamutsogolera ndi mawu, kuti mayiwa mutu unasokonekera amuna awo atamwalira, nkhani yawo inaunikidwa kale, failo ili apa.

"Sindikupempha kuti mundikhulupirire," anatero make mapasa. "Ndine wamisala, mwamva kale. Ndikupempha mphindi zisanu ndi ndowa imodzi ya madzi."

Injiniya anayang'ana wotchi, n'kugwedeza mutu kuvomera.

Make mapasa anathira madzi pakhoma n'kuyamba kukwecha. Laimu anayenderera ngati mkaka. Pansi pake panali laimu wina. Anakwecha mpaka zala zinayamba kuwawa, ndipo panatuluka mikwingwirima ya chitsulo pa pulasitala. Anapaladi. Kumbuyo kwake kapitawo anatsokomola mokhutira, n'kunena kuti adona akuchedwa.

Anakwechabe. Pansi pa chiguduli panatuluka kadontho kotuwira, kenaka kanafiira. Wopala uja anali atangokanda pamwamba, mwaulesi kapena mwadala. Penti wa kamunthu kaja anali atamwerera mu pulasitala. Mutu wa eyiti unatuluka, wa zipsera koma wathunthu, kenaka mimba.

Anasolola lata lija m'chikwama. Anauza injiniya kuti ili ndi lata lomwe kampani inalembera nambalayi, ndipo aligwire okha. Injiniya analikanikiza pakhoma. Mutu unakwana ndendende. Mimba inasuzumira kunja kwa bowo ndi chala chimodzi ndi theka. Anasunthira lata pamimba, mutu unathawa.

"Tsopano suzumirani mumng'alumo," anatero make mapasa. "Laimu wa dzulo walowa mpaka m'kati, chifukwa anapeza khomo lotsegula. Wofiirayo sanalowe, chifukwa pamene ankapakidwa khomo panalibe. Andithandiza okha ndi bulashi yawo."

Injiniya anapempha madzi otsalawo, anatsuka m'kati mwa mng'alu ndi chala chake, n'kuunika ndi foni. Anakhalitsa ali chiweramire. Atadzuka anatambasula dzanja osayang'ana kapitawo, ndipo failo inachedwa kufika m'dzanjamo.

Eyiti wa m'chithunzimo ndi yekhayo amene make mapasa analibe naye chitsimikizo.

Injiniya anaika chithunzi pafupi ndi khoma. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Anafunsa kapitawo ngati nambala ndi chithunzi zinkachitika tsiku limodzi. Kapitawo anati ndi mmene zalembedwera m'failomo.

"Ndiye mundithandize," anatero injiniya ndi mawu otsika. "Eyiti wa m'chithunzi chanu ngwothyoka kale. Khomali linatsika pakati pa bulashi ndi kamera?"

Kapitawo anatsegula pakamwa, koma sopo uja anali atatha.

Injiniya anavindikira cholembera chake n'kuchiika m'thumba. Anati lero sasaina chilichonse, ndipo failoyo apita nayo, poti alipo ena a yunifolomu amene angakonde kudziwa za deti limeneli ndi amene anasainira umboni. Anapempha malisiti a make mapasa, anawalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti msewuwu sutha mpaka khomali litamangidwanso ndiponso zonse za pa malisiti zitabwezedwa. Kumsewu kuja mbendera inagwa pansi, ndipo mwini wake sanaitole.

Kapitawo anasendera pafupi ndi make mapasa, akunong'ona kuti mayi, zoterezi bwenzi atangokambirana ngati anthu.

"Tikambirane," anatero make mapasa.

Anamutsogolera ku zenera la pabalaza, mbali imene chirola sichinaigwedeze. Anapukuta levulo ndi m'mphepete mwa malaya ake n'kuigoneka pa simenti ya pazenerapo. Kathovu ka m'galasi kanayendayenda, kenaka kanakhazikika.

"Kathovuko kali pati?"

Kapitawo anayang'ana injiniya. Injiniya ankadikira nawo yankho.

"Pakati."

"Mokweza. Mwini wake ali kutali."

"Kali pakati, mayi."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kakadali pakati. Akufa ena amalakwitsa. Awa ayi."

Ananyamula levulo yake n'kuibwezera kukhwapa. Atatembenuka anaona mayi woyandikana naye akutuluka ndi ndowa ndi chiguduli. Kuseri kwake chitseko china chinatseguka, kenaka chinanso, ndipo msewu wonse unayamba kumveka kukwecha.